Alamu Anga ndi Kachikwama ka Mavitamini

Sabata ino ndabwera ndi nkhani imene ena mwa inu muiyesa yakutali, komatu inalowa kale m'makomo ena pakati pathu. Inenso ndinkaiyesa yakutali kufikira tsiku limene inandipeza pamphasa ya apongozi anga.

Alamu anga, achemwali awo a bambo a kunyumba, anakhala zaka zambiri akugwira ntchito ku Johannesburg. Anali mayi wathupi ndithu, ndipo thupilo linawabweretsera matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi ndi kuwawa kwa maondo, kotero kuti kukwera basi kokha inali ntchito. Chaka china atabwera kudzadya nafe Khirisimasi, tinatsala pang'ono kuwapitirira pa depoti, pakuti thupi lija linali litatsikiratu. Kumudzi apongozi anapha tambala, nakonza nsima yoyera ndi thobwa la mawere. Koma mwana wawoyo anangotema mbamu ziwiri, natafuna kachidutswa ka nyama nthawi yaitali, kenaka n'kusamba m'manja. Thobwa sanalilawe n'komwe. Nkhope ya apongozi inagwa, ndipo kuseri kwa nkhokwe kunayamba manong'onong'o. Ena ankati mayiyu wabwera ndi matenda, ena ankati ndalama za ku Joni zamuphunzitsa kunyoza chakudya cha kwawo.

Madzulo titatsala awiri, alamu anatulutsa kachikwama kodzaza ndi timabotolo, nandiululira kuti miyezi 8 m'mbuyomo anachitidwa opaleshoni yochepetsa chifu. Anati: "Mlamu, shuga uja anatsika, maondo anapola. Koma timabotolo mukutionati, adokotala anati ndisadzatisiye moyo wanga wonse." Mawu amenewa ndiwo mutu wa nkhani yathu.

Opaleshoni yake ndi yotani?

Poyamba tichotse chisokonezo. Opaleshoni imeneyi si yochotsa mafuta pamimba kapena m'chiuno ayi. Madokotala amasintha chifu, ndipo nthawi zina matumbo omwe, kuti munthu azikhuta msanga. Masiku ano amaichita podzera m'timabowo ting'onoting'ono ta pamimba, ndipo imachitika m'maiko monga South Africa, India ndi Britain, kumene abale athu amagwira ntchito kapena kupita kukafuna chithandizo.

Njira zodziwika kwambiri ndi ziwiri. Yoyamba amaitcha gastric sleeve. Apa dokotala amadula ndi kuchotseratu pafupifupi magawo 80 pa magawo 100 a chifu, n'kutsala kachifu kowonda ngati nthochi. Yachiwiri amaitcha gastric bypass, ndipo ndi imene alamu anga anachitidwa. Apa amapanga kathumba kokula ngati dzira kumtunda kwa chifu, n'kukalumikiza kumatumbo aang'ono chapatsogolo, kotero kuti chakudya chimalambalala chifu chotsalacho pamodzi ndi chigawo choyamba cha matumbo. Anayambitsa njirayi ndi dokotala wa ku America, Edward Mason wa ku Iowa, mu 1966, ataona kuti odwala amene anadulidwa chifu chifukwa cha zilonda za m'mimba ankaonda ndipo sankanenepanso msanga.

Sikuti aliyense wofuna kuoneka bwino amachitidwa zimenezi. Madokotala amayerekeza kulemera kwa munthu ndi msinkhu wake pa muyeso wotchedwa BMI. Mayi wotalika mamita 1.6 akamalemera makilogalamu 90, muyeso wake ndi 35, ndipo akafika makilogalamu 102 ndiye kuti wafika pa 40. Malangizo a mu 1991 a ku America ankalola opaleshoni kwa amene afika pa 40, kapena pa 35 ngati ali ndi matenda monga shuga. Mu 2022 mabungwe a madokotala a ntchitoyi anatsitsa malirewo kufika pa 35, ndi pa 30 kwa odwala shuga amene mankhwala akuwakanika. Tisaganize kuti kunenepa ndi vuto la azungu okha. Kafukufuku wa boma wa za umoyo wa 2015 ndi 2016 anapeza kuti amayi 21 mwa 100 alionse m'Malawi anali onenepa kopitirira muyeso, pamene mu 1992 anali 10 okha.

Chifukwa chake chakudya chokha sichikwanira

Ife amayi timadziwa kuti chimanga sichisanduka nsima chisanapite mumtondo, m'madzi oviikira ndi pasefa. M'thupi ndi chimodzimodzi. Chakudya chimene tameza chiyenera kuyamba chasungunuka m'madzi owawasa a m'chifu, kenaka matumbo ndi kumatolamo zofunika, chigawo chilichonse ndi ntchito yake. Opaleshoni imasokoneza dongosolo limeneli m'njira zitatu. Munthu amadya pang'ono zedi. Madzi owawasa aja amachepa. Ndipo kwa wochitidwa bypass, chigawo cha matumbo chimene chimatola ayironi ndi kashiamu wambiri chimalambalalidwa. Choncho ngakhale mayi atamaphika bwino chotani, zina zofunika zimangodutsa osalowa m'magazi.

Choopsa n'chakuti vutoli silioneka msanga. Thupi lili ndi nkhokwe zake, ndipo poyamba limatapa m'menemo mwakachetechete. Munthu amaona ngati ali bwino, pamene nkhokwe ikupita pansi. Njala siidziwika pa tsiku lokolola.

Zofunika kuzidziwa ndi maina

Choyamba ndi vitamini B12, amene amasamala mitsempha ya ubongo ndi ya miyendo, ndiponso amathandiza kupanga magazi. Amapezeka m'nyama, nsomba, mazira ndi mkaka, koma kuti alowe m'thupi amafuna chinthu china chimene chifu chimapanga. Chifu chikachepa, chinthucho chimachepanso. Chiwindi chimasunga B12 wokwanira zaka zingapo, n'chifukwa chake vuto limatulukira mochedwa, munthu ataiwala kale za opaleshoni. Zizindikiro zake ndi dzanzi ndi kubayabaya m'mapazi ndi m'manja, kuiwalaiwala, lilime lofiira lowawa ndi kuyenda mopepesuka. Akachedwa kuthandizidwa, mitsempha ina siichiranso. Ku Britain amabaya jekeseni ya B12 miyezi 3 iliyonse kwa moyo wonse, pamene m'maiko ena amalolanso mapiritsi amphamvu omwa tsiku ndi tsiku.

Chachiwiri ndi ayironi, ndipo apa amayi tiyenera kutchera khutu, pakuti timataya magazi mwezi ndi mwezi. Kafukufuku yemwe uja anapeza kuti mayi mmodzi mwa atatu alionse m'dziko muno anali kale ndi magazi ochepa, popanda opaleshoni iliyonse. Kwa mayi amene akusambabe, madokotala amalangiza mamiligalamu 45 mpaka 60 a ayironi pa tsiku. Kutopa kosatha, kupuma mwawefuwefu pokwera kachitunda, kugunda kwa mtima, kuyera kwa zikope ndi kulakalaka kudya dothi ndi zizindikiro zoti magazi achepa. Tiyi amalepheretsa ayironi kulowa bwino m'thupi, choncho piritsi lake lisamwedwe ndi tiyi. Zipatso monga malalanje, magwafa ndi malambe zimathandiza kuti alowe.

Chachitatu ndi kashiamu ndi vitamini D, zolimbitsa mafupa. Zikasowa, thupi limakatapa m'mafupa momwemo, ndipo munthu amadzadziwa pamene wathyoka atangogwa pang'ono. Muyeso wa kashiamu ndi mamiligalamu 1,200 mpaka 1,500 pa tsiku, kuphatikiza wa m'chakudya ndi wa m'mapiritsi, ndipo amamwedwa mogawa kawiri kapena katatu. Kumbukirani kuti kashiamu ndi ayironi amalimbirana njira. Pakati pa mapiritsi awiriwa pazipita maola 2.

Chachinayi ndi vitamini B1, ndipo ameneyu sachedwa. Nkhokwe yake m'thupi imatha m'masabata 2 kapena 3 okha. Mayi wochitidwa opaleshoni akamasanza masiku angapo motsatizana, B1 amatha msanga ndipo ubongo umavulala. Mukaona kuti wayamba kusokonezeka mutu, akuona zinthu ziwiriziwiri kapena akuyenda mwadzandidzandi ngati woledzera, musadikire kuti kuche. Thamangirani naye kuchipatala ndipo muwauze a chipatala za opaleshoniyo asanamuike diripi ya shuga, pakuti shuga wolowa B1 asanaperekedwe amakulitsa vutolo.

Pali zinanso zing'onozing'ono monga foliki asidi, zinki, kopa ndi vitamini A, amene akasowa munthu saona bwino kukayamba mdima. Zimenezi zimapezeka m'piritsi limodzi la mavitamini osakaniza lomwa tsiku lililonse, koma likhale la mtundu umene dokotala wanena, osati lililonse lopezeka pa okala. Miyeso ndatchulayi ndi yongotsegula maso. Muyeso weniweni wa munthu aliyense umachokera pa zimene magazi ake aonetsa, ndipo magaziwo ayenera kuyezedwa pa miyezi 3, pa miyezi 6, pa miyezi 12, ndipo kuyambira pamenepo kamodzi chaka chilichonse.

Zimene zinawachitikira alamu

Patapita nthawi alamu anga anabwerera kumudzi kuno kudzakhazikika. Mapiritsi amene anabwera nawo atatha, anapeza kuti ena ndi okwera mtengo, ena ndi osowa. Poti m'thupi ankamva bwino, anati ayambe apumulako, ndipo jekeseni nayo anaileka. Ife sitinadziwe kanthu, ndipo kunena zoona palibe anafunsa. Patatha zaka ziwiri anayamba kudandaula kuti mapazi akuchita dzanzi ngati aponda pathonje, ndipo kusesa pabwalo kokha kunkawathetsa mpweya. Achibale ena anayamba kulozana zala, ena n'kumatchula za asing'anga. Mwamwayi mwana wawo wamkazi anaumirira zopita kuchipatala, natenga makalata a opaleshoni aja. Atayezedwa, anapezeka kuti ayironi ndi B12 zatsikiratu. Anayambanso jekeseni ndi mapiritsi, ndipo m'miyezi yowerengeka mphamvu zinabwerera. Koma dzanzi la kuzala zakuphazi silinathe lonse mpaka lero. Iwo eni amati: "Ndinasunga ndalama ya mapiritsi, n'kulipira ndi mapazi anga."

Kadyedwe katsopano

Masabata oyamba munthu amangomwa zamadzimadzi, kenaka zopota ngati phala la mwana, kenaka zofewa, ndipo pofika masabata 6 mpaka 8 amayamba chakudya cha masiku onse, koma chochepa. Apa mwambo wathu umatembenuzika. Kwathu kuno chakudya ndi nsima, ndiwo n'zongoperekeza. Kwa mayi ameneyu ndiwo ndizo chakudya, ndipo nsima imabwera pomalizira ngati malo atsala. Thupi lake limafuna magalamu osachepera 60 a zomanga thupi pa tsiku. Dzira limodzi lili ndi magalamu 6 okha, choncho taonani kuti m'kachifu kakang'ono mulibe malo otaya. Ayambe ndi nsomba, dzira, nkhuku yophikidwa mofewa, nyemba zopota, soya kapena chambiko, kenaka masamba monga bonongwe ndi nkhwani wotendera. Usipa ndi matemba osinja pamodzi ndi minga yake amaonjezera kashiamu.

Azidya pang'onopang'ono, kutafuna mpaka chakudya chisalale, ndipo akangomva kukhuta aleke. Asamwe madzi pamene akudya, koma adikire mphindi 30 atamaliza, ndipo tsiku lonse azipsontha pang'onopang'ono mpaka akwanitse lita imodzi ndi theka. Zakumwa za gasi azipewe. Zotsekemera monga thobwa la shuga, tiyi wa shuga wambiri ndi makeke zimathamangira m'matumbo, ndipo pasanathe theka la ola munthu amachita thukuta, chizungulire, mseru, kugunda kwa mtima ndi kutsekula m'mimba. Ichi ndicho chifukwa chake alamu anakana thobwa la amayi awo. Mowa nawonso umalowa m'magazi mofulumira kuposa kale, ndipo n'kosavuta kuti munthu agwe m'chizolowezi.

Tsitsi limathothoka pakati pa mwezi wa 3 ndi wa 6, koma kawirikawiri limameranso ngati mayi akudya zomanga thupi ndi kumwa mapiritsi ake. Khungu limatsala lolendewera m'mikono ndi pamimba, ndipo kuonda kwamsanga kumatha kubweretsa timiyala mu ndulu. Walira mvula walira matope. Zimenezi ndi bwino kuzidziwiratu.

Za mimba ndi kulera

Amayi ena onenepa kwambiri amavutika kuima, ndipo thupi likatsika amatha kutenga pathupi mosayembekezera. Madokotala amalangiza kudikira miyezi 12 mpaka 18, pakuti nthawi imeneyo thupi likutsika mofulumira ndipo mwana sangapeze zokwanira. Apa abambo ayenera kumvetsa ndi kugwirizana nazo. Kwa wochitidwa bypass, mapiritsi olerera sadalirika kwenikweni chifukwa mwina salowa onse m'thupi, choncho njira monga lupu kapena ya pamkono ndizo zimalimbikitsidwa.

Nthawi yofuna mwana ikakwana, mayi ayambe waonana ndi dokotala asanaime, kuti ayezedwe magazi ndi kuyamba foliki asidi, amene amateteza msana ndi ubongo wa mwana m'masabata oyambirira. Dokotala aonenso piritsi lake la mavitamini, pakuti mtundu wina wa vitamini A ukachuluka umavulaza mwana wosabadwa. Kusikelo anene poyera za opaleshoniyo pa ulendo woyamba, ndipo apitirize mapiritsi nthawi yonse yoyamwitsa, chifukwa B12 wa khanda amachokera m'mawere a mayi ake.

Mankhwala ena

Mankhwala opha ululu monga Brufen, diclofenac ndi aspirin amatha kuyambitsa zilonda pamene panalumikizidwa paja, makamaka kwa wochitidwa bypass kapena wosuta fodya. Panado ndiye amaloledwa. Amene amamwa mankhwala a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi ayenera kuonedwa pafupipafupi, pakuti muyeso wakale ukhoza kumukulira thupi likatsika, koma asasiye yekha. Chimodzimodzinso amene ali pa ma ARV, mankhwala a TB kapena a khunyu auze a chipatala chake, chifukwa kalowedwe ka mankhwala ena m'thupi kamasintha.

Udindo wathu pabanja

Tsono amayi anzanga, ambiri a ife sitidzagona pa tebulo la opaleshoni imeneyi, koma tidzalandira mwana, mphwathu kapena mlamu amene anagonapo. Mlendo wotere akadya pang'ono, tisamukakamize ndi mawu oti akutinyoza. Timuikire kambale kakang'ono, ndiwo zofewa patsogolo, ndipo tisamuyang'anitsitse pamene akutafuna. Tilekenso kuweruza munthu ndi maso. Kuonda sikutanthauza matenda nthawi zonse, monganso kunenepa sikutanthauza kuti munthu akusungidwa bwino. M'malo mwa manong'onong'o, timufunse funso lothandiza: kodi mapiritsi alipo, nanga magazi munayezetsa liti?

Kwa inu amene mukuganizira za opaleshoniyi, dziwani kuti imathandizadi. Ambiri shuga amatsika, ena mpaka kusiya mankhwala, ndipo amayambanso kuyenda ndi kugwira ntchito. Koma musanagule tikiti ya ndege khalani pansi ndi amuna anu, muwerengere mtengo wa mapiritsi, jekeseni ndi kuyezetsa magazi kwa zaka zonse zimene zikubwera, osati wa opaleshoni yokha. Mudziwiretu dokotala amene adzakuyang'anireni mukabwerera, ndi kumene mudzapeza mankhwalawo. Pochoka kuchipatala mutenge kalata yonena mtundu wa opaleshoni ndi mndandanda wa zoyenera kumwa, ndipo zilembedwe m'buku lanu la kuchipatala. Muuzeko munthu mmodzi wodalirika pabanja, pakuti tsiku limene mudzakomoka ndi iyeyo adzakuyankhulireni. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Ndipo kwa inu amene munachitidwa kale n'kusiya mapiritsi, kaya ndi chaka chatha kaya ndi zaka 10 zapitazo, musadzione ngati mwachedwa. Pitani mukayezetse magazi mwezi uno, ngakhale mukumva bwino.

Masiku ano alamu anga akapita kumudzi, apongozi amawaphikira dzira ndi chambo chofewa, nawaikira m'kambale kawo kapadera. Pa kalendala ya m'nyumba mwathu ndinazunguliza masiku a jekeseni yawo ndi cholembera chofiira, ndipo tsiku likayandikira ndimawaimbira foni.